Wenzulo ya Madala a ku Lizulu

Madala oyandikana nafe kuno ku Lizulu savomereza kuti msewu wa tala ungalekanitse anthu. Nyumba yawo ili ku Malawi, munda wa kachewere uli kutsidya kwa msewu, ku Mozambiki, ndipo maliro amakalira mbali zonse. Wailesi ikamanena za msonkhano wa atsogoleri a mayiko, iwo amangoseka. "Ine ndi alamu anga a kutsidya tinagwirizana kalekale pa chipanda cha masese. Wenzulo ikalira, mayiko onse awiri amathamanga."

Tsiku lina wakuba anawamasulira mbuzi yawo imodzi yokhayo n'kuwoloka nayo msewu. Atafika kutsidya anaima n'kumatibayibitsa, podziwa kuti apolisi athu safikako. Madala anangoliza wenzulo. Amayi ogulitsa kabichi ku Mozambiki anamugwetsa wakubayo n'kumukhalira pamsana, mbuzi n'kubwerera.

Dzuwa litapendeka, alamu aja anatulukira ndi amayi onsewo. "Alamu, asilikali atopa. Adya chiyani?"

Madala anayang'ana alendo, anayang'ana mbuzi, n'kuitanitsa mpeni.

Khola lilibe kanthu mpaka lero, koma iwo amanyadirabe. "Wakuba uja sanalaweko ngakhale chiboda."