Funso la Nesi Pamaso pa Apongozi

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka zinayi, matenda a m'chikhodzodzo ankangomubwererabwerera, mpaka adokotala anati amuunike impso kuti aone ngati zili ndi zipsera. Kuunika kwake n'kwa mankhwala a nyukiliya: amamubaya pamkono, mumadikira maola angapo, kenako mwana agone pansi pa makina osagwedezeka. Osagwedezeka! Mwana amene ngakhale ali m'tulo amaponya mateche ngati bulu.

Ndinayamba kumuphunzitsa kunyumba kwathu ku Highfields, kuno kudziko la azungu. Ndinkamugoneka pansi pa tebulo lodyera, n'kumamunyengerera ndi mabisiketi. Anavomera, koma anaika lamulo lake: dzanja lomugwira likhale langa. Osati la bambo ake, amene tsikulo anali pa shifiti kuntchito m'tauni ya Corby, osatinso la agogo ake.

Agogowo ndi apongozi anga, amene anabwera kuchokera ku Malawi kudzacheza. Mayi amenewa nkhani siigona m'kamwa mwawo. Atangomva za nyukiliya, mpingo wonse wa kumudzi unayamba kusala kudya.

Ndiye chifukwa chake panali chinthu chimene ndinawabisira: ndinali ndi pakati pa miyezi iwiri. Kwathu mimba salengeza, imadzilengeza yokha. Yapitayo ndinaiulula msanga, inachoka, ndipo anthu omwe anandiyamikira aja ndi amene anabwera kudzandipepesa. Sindinkafuna kuzionanso zimenezo.

Kuchipatala nesi, jakisoni ali m'manja, anandifunsa pamaso pa apongozi ngati akufunsa nthawi: kodi mwina ndinu woyembekezera? Anthu akunowa manyazi alibe! Ndipo apongozi, amene Chingerezi chimawathawa ukawapempha kuyatsa makina ochapira, tsiku limenelo anamva chilichonse.

Mwana anali atatambasula kale kadzanja kake kwa ine. Bodza linali kunsonga kwa lilime. Koma ndinadera nkhawa winayo wam'mimba, amene sakanatha kudzilankhulira, choncho ndinavomera ndi mutu.

Nesi anati mankhwalawo angavulaze wam'mimbayo, choncho ndituluke, ndipo mwanayo ndisamunyamule kapena kumukhazika pamiyendo mpaka mawa, mankhwalawo atachoka m'thupi. Ndinadikira nthungululu ya apongozi. Iwo anangotulutsa foni yawo m'chikwama n'kundipatsa.

"Sungani inu iyi, ingandiyese," anatero. "Pitani ku waiting, ndimanija ndekha."

Ndinakhala panja, ndikumva mwana wanga akundiitana mpaka mawu kusasa. Mtima unandipweteka koopsa. Kenako kunangoti zii, ndipo patapita maola angapo nesi anatuluka kudzanena kuti zithunzi zajambulika bwino.

M'basi pobwerera, mwana anakhala pamiyendo ya agogo ake, ine mpando wakutali. Anandiyang'anitsitsa njira yonse, misozi itauma m'masaya. Tikuyandikira potsikira, anafunsa m'Chingerezi chake, basi yonse ikumva:

"Mami, sindinagwedezeke. Nanga mwandikwiyira chifukwa chiyani?"