Katemera wa Atsibweni

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali Sitandade 6, bambo atangopeza ng'ombe yawo yoyamba ya mkaka. Tinkakhala kumudzi kwa amayi, m'malire ndi esiteti, pamene mizere ya tiyi imathera ndipo chimanga cha anthu chimayambira. Bambo ankathyola tiyi, amayi ankalima, ndipo ng'ombeyo inali ntchito yanga: kumweta nsenjere mame asanaume, kutunga madzi, kuchotsa ndowe m'khola. Tinkaitcha Mawanga. Ndinkaikonda kuposa abale anga ena, ndipo zimenezi sindibisa.

Nyengo imeneyo kunabuka matenda a zotupa pakhungu la ng'ombe. A Chikopa, alangizi a ziweto amene tonse tinkangowatchula kuti adokotala, anayenda khola ndi khola kubaya katemera. Kwathu anafika pakati pa sabata, ndipo wogwira chingwe ndinali ine. Mankhwala ake anali kadontho chabe. Mawanga, yomwe inali ndi bere lalikulu, sinasiye n'kubzikula komwe.

Lamulungu lake, titaweruka kutchalitchi, kunabwera atsibweni anga a Namakhwa, mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba yonse. Iwo ankagwira ntchito m'gulu lopopera mankhwala pa esiteti, ndipo kumeneko anazolowera lamulo limodzi: zimene zasungunulidwa m'thanki sizibwerera kusitolo, zimathera pa tiyi. Anali atakagula botolo lawolawo la katemera ku Limbe chifukwa sankafuna kudikira adokotala. Atabaya ng'ombe zawo ziwiri, m'botolomo munatsala wambiri. Kutaya? Munthu wa pa esiteti sataya mankhwala.

Bambo anawauza mwaulemu kuti yathu inabayidwa kale. Atsibweni anaseka. Anati kadontho kaja n'ka mbuzi. Chinyama chachikulu chotere, chonyamulanso mwana, chimafuna mlingo wa awiri. Bambo anayang'ana amayi, amayi anayang'ana pansi. Atsibweni anakoka zonse zotsala m'botolo n'kubaya Mawanga pakhosi.

Thobwa limene amayi anawapatsira sanalimalize. Mawanga inayamba kunjenjemera, dovu likuchucha, zikope zitatupa mpaka maso kubisika. Kupuma kwake kunkamveka ngati munthu akucheka thabwa lonyowa. Sindinadikire kutumidwa. Ndinadula pakati pa tiyi, nthambi zikundikwapula m'ntchafu, mpaka kunyumba kwa a Chikopa, ndipo tinabwerera limodzi pa njinga yawo yamoto.

Atatsika, a Chikopa anafunsa chimene chachitika. Atsibweni anakhosomola, nati mwina ndi njoka, pakuti m'nsenjere mumabisala njoka zambiri. Bambo anati mwina. A Chikopa anawerama n'kuyamba kufufuza m'miyendo ya ng'ombe, kufuna pamene yalumidwa. Nthawi imeneyo Mawanga inagwada ndi miyendo yakutsogolo, lilime lili panja.

Mtima wanga sunachedwepo kutentha chibadwire. Tsiku limenelo unaphulika.

"Palibe njoka pano, adokotala! Njoka yake ndi atsibweniwa. Aibayanso katemera wina, botolo lili m'thumba la jekete lawo!"

Amayi anagwira pakamwa. A Chikopa sanayang'ane nkhope ya munthu aliyense. Anangotambasula dzanja, ndipo atsibweni anatulutsa botolo lija. A Chikopa atawerenga zolembedwa pamenepo anapukusa mutu, anatsegula chikwama msangamsanga n'kubaya ng'ombe jekeseni ina. Atamaliza ndi pamene anayankhula, motsitsa mawu.

"A Namakhwa, ng'ombe si tiyi ayi. Katemera samuyeza ndi kukula kwa mimba."

Tinakhala m'mbali mwa khola kudikira. Pang'ono ndi pang'ono kupuma kuja kunayamba kufewa, ndipo dzuwa lisanalowe Mawanga inadzuka n'kununkhiza nsenjere. A Chikopa anatiuza kuti akanataya nthawi ndi njoka ija, tikanagona tikusenda chikopa. Chotupa cha pakhosi chinatenga masabata kuti chiphwe, koma bere silinachoke. Atsibweni ananyamuka osatsazika.

M'mawa mwake bambo anandiuza kuti ndisambe, tikupita kukapepesa. Ndinapsa mtima kachiwiri. Njira yonse ndinkayenda patsogolo, kumenya masamba a tiyi ndi kamtengo, kuwafunsa ngati akanakonda ng'ombe ife kuti atsibweni asachite manyazi. Ndinawanenanso kuti ndi amantha. Ndinkayembekeza kumenyedwa khofi, koma bambo anangoima pansi pa mtengo wa mthunzi umene anthu othyola tiyi amapumirapo, nandiitana.

"Iwe, ine kuno ndine mkamwini. Khola lija lili pa nthaka ya amayi ako. Ndikanatchula alamu anga pamaso pa mlendo, nkhani yake ikanatha ndi ine kunyamula chikwama. Iwe ndiwe magazi awo. Akukwiyira lero, mawa aiwala."

Ndinawafunsa kuti nanga tikukapepesa chiyani.

"Za botolo unanena bwino. Ukapepese za njoka."

Tinawapeza atsibweni akunola chikwanje pakhonde. Ndinagwada monga mwa mwambo, ndipo ndinanena momveka kuti ndikupepesa chifukwa chowatchula njoka, koma za botolo sindikupepesa. Bambo anatseka maso. Atsibweni anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaphulika chiseko mpaka kutsokomola. Anauza bambo kuti kamwa ili si la kwawo kwa bambo ayi, ndi la kuchikazi, agogo awo anali otero. Sanavomere kuti analakwa, ndipo mpaka imfa yawo sanavomerepo. Koma Mawanga itabereka mwana wamkazi, anali iwo amene anabwera ndi mitengo yokulitsira khola, ndipo jekeseni sanaigwirenso.

Lero ndili ndi imvi, ndili ndi ng'ombe zanga, ndipo mtima uja sunazizire kwenikweni. Akazi anga angakuuzeni. Katemera kwathu amabaya ndi alangizi okha, mlingo umene walembedwa, ndipo wotsala amapita nawo. Zimenezo n'zosavuta. Chimene chinanditengera zaka kuti ndimvetse ndi chete wa bambo uja. Ndinachimvetsa nditakwatira ku Nchilamwela, n'kumanga khola langa pa nthaka ya eni ake. Pali mawu oona amene munthu sungawanene uli pamalo pa eni, ngakhale akukuwotcha pakhosi, ndipo nyumba yamwayi ndi imene ili ndi wina wowanena.

Alamu anga ndi munthu wabwino, koma nawonso ali ndi nzeru zambiri za ng'ombe zimene sanaziphunzire kulikonse. Akayandikira khola manja ali m'thumba, ine sindikangana nawo. Ndimawapatsa mpando, ndimawafunsa za kunyumba, kenaka ndimaitana mwana wanga wamkazi kuti adzapereke moni kwa atsibweni ake. Mwanayo anatengera kamwa langa.