Dzina la Pachimphanje

Tsikulo tinalipo ine Zakaliya Chimphanje, mlamu wanga Fabiano, Che Amidu a sitolo, ndi mwana wanga Yohane atasenza thumba la kachewere, pakuti kwa akuluakulu sapita chimanjamanja.

Nkhani inali ya dzina. Malo athu ano, kumtunda kwa Bembeke, anayamba ndi bambo anga. Iwo ndiwo anaika mtsuko wa mowa pambali pa msewu kuti amtengatenga azipumirapo. Kenaka bambo a Amidu anabwera ndi makina osokera, chigayo n'kutsatira, nsikidzi nazonso. Dziko lonse linkati Pachimphanje. Ndiye a chipani akuti alembe chikwangwani chakuti Chitukuko. Chitukukoyo anabereka ndani kuno?

Tinanyamuka m'mawa chifunga chili tolo, m'nyengo yozizira ija. Tinakwera lole ya matabwa, shileni imodzi munthu, pamwamba pa mapaini onata utomoni. Buluku langa la tchalitchi linathera pomwepo.

Pamphambano anyamata a chipani anatiimitsa.

"Makadi, madala!"

"Iwe, ndinakuona ukudya dothi," ndinatero.

"Zoona agogo, koma khadi."

Ndinatulutsa.

Dzuwa litakwera tinafika pa boma la Dedza. Tinamwa tiyi ndi zitumbuwa kumsika, tiyi wake woti ukuona pansi pa kapu. Apo Che Amidu anakumbukira kuti ali ndi msuweni wodwala kuseri kwa mzikiti. Sitinawaonenso.

Tsono mwambo wathu mukuudziwa: mwini nkhani sadzinenera yekha, amamuyankhulira wina. Ine ndinakhala pansi, chipewa pabondo. Fabiano anaimirira pamaso pa tcheyamani wa chipani m'boma lonse la Dedza, munthu wa mimba ngati nkhokwe. Mawondo a mlamu wanga ndinkawamva akuwombana.

"Bwana, tabwera... tabwera kudzathokoza."

"Kuthokoza chiyani, bambo?"

"Chitukuko, bwana. Dzina lokoma. Mkuluyu usiku sagona n'chimwemwe."

Ine, amene ndikatsokomola ku Bembeke agalu a ku Chongoni amauwa, ndinangoti kukamwa yasa. Kumudula mawu wokuyankhulira ndi kudzivula pagulu. Tcheyamani anandigwira chanza ndi manja awiri, nati nkhalamba zonse zikanakhala ngati ine dziko likanapita patali. Kachewere analandira.

Pobwerera lole sinapezeke. Tinayenda wapansi, ndipo ndinamutukwana Fabiano kuyambira pa boma mpaka kwathu, osabwereza mawu. Chimene ndinaphunzira n'chakuti wokuyankhulira uziyamba wamuona mawondo.

Madzulo tinapeza chikwangwani atakhoma kale, utoto usanaume. Ndinafunsa Yohane chifukwa chake anangokhala duu ngati chitsa pamene dzina la agogo ake linkaikidwa m'manda.

Iye anati, "Bambo, amalume muwagulire mowa. Mukanayankhula inuyo, dzina la kwathu likanakhalapodi. Bwenzi anthu podutsa pano akunong'onezana kuti, 'Paja pankakhala a Chimphanje aphokoso aja, amene anapita ku boma osabwerako.'"