Tsiku Limene Malume Anandilanda Ndodo ya Hoki

Ndikukumbukira chaka chimene malume anga, a Lufeyo, anabwerako ku nkhondo. Anzawo anabwera ndi zikhoti ndi nsapato zikuluzikulu, koma iwo anatsika sitima pa Utale atanyamula ndodo ziwiri zokhota kumapeto. Anati ndi za masewera otchedwa hoki, amene anawaphunzira kwa asilikali achimwenye. Anthu anaseka, ena nkumanong'ona kuti nkhondo yawasokoneza mutu.

Ine ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu. Tinalambula bwalo kufupi ndi mtsinje wa Rivirivi, kuzula zitsa ndi kusalaza zulu mpaka manja kuchita matuza. Ndodo zina tinkasema ku nsungwi zokumba ndi tsinde lomwe, chifukwa kumeneko zimakhota zokha. Mpira wathu unali njere ya mgwalangwa, youma gwa, yoti ikakumenya pamwendo unkayamba wakhala pansi. Pasanathe miyezi itatu tinakwana anyamata makumi awiri, ndipo malume poona kuti mpira unkandimvera, anandipatsa ukaputeni pamodzi ndi imodzi mwa ndodo zenizeni zija.

Apo mpamene ndinayamba kudzimva. Aliyense wophonya mpira ndinkamukalipira. Amene ndinkamusautsa kwambiri anali Yusufu, mnyamata wachiyao wa kutsidya kwa mtsinje, wojintcha koma wosathamanga. Tsiku lina ndinamuuza anzathu onse akumva kuti apite azikathandiza amayi ake kusinja, popeza ndodo ankaigwira ngati munsi. Kunali phwete. Yusufu anaika ndodo pansi bwinobwino nkuwoloka mtsinje, anzake asanu ndi mmodzi nkumutsatira. Kenaka ena anayamba kujomba mmodzimmodzi.

Posakhalitsa kunabwera kalata yochokera ku Balaka. Ana a amwenye a m'masitolo ndi a anthu ogwira ntchito kunjanji ankafuna kusewera nafe. Malume anatiimika pamzere nkutiwerenga. Tinalipo asanu ndi anayi, pomwe timu imafuna khumi ndi mmodzi.

"Bwera nayo kuno ndodoyo," anatero kwa ine, mosakweza mawu. "Ndinakupatsa anthu makumi awiri. Ali kuti?"

"Amalume, amene aja sankatha kusewera."

"Iyayi. Nanga iwe tsiku loyamba unkatha? Pita ukawatenge. Ukabwera wekha, ku Balaka ukakhala woonerera."

Mawa lake ndinawoloka Rivirivi, mchenga ukuwotcha kuphazi, manyazi atandigwira. Ndinapeza bambo ake a Yusufu, Che Amidu, akuluka mkeka pakhonde. Ndinagwada nkufotokoza zonse, za munsi zomwe. Anamvetsera osasiya kuluka, kenaka anaitana mwana wawo.

"Mnzakoyu anakunyoza kumbali kapena pagulu?"

"Pagulu, ababa."

"Ndiye pano wadzatani? Akapepese komweko."

Loweruka lotsatira anyamata a kutsidya anabwera onse, nkuima m'mphepete mwa bwalo manja atapinda. Ine ndinaima pakati ndipo ndinapepesa kwa Yusufu ndi kwa aliyense amene ndinamukalipirapo, pomutchula dzina. Mndandanda wake unali wautali kuposa mmene ndinkaganizira. Nditamaliza, Yusufu anatola ndodo. Anangolowa m'bwalo, anzake nkumutsatira.

Ndodo ija malume sanandibwezere. Analamula kuti kuyambira tsikulo ndodo zenizeni azigwira ndi amene angolowa kumene m'kalabu, ndipo ine ntchito yanga ikhale kuwaphunzitsa. Pophunzitsapo mpamene ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo: Yusufu sankauthawa mpira. Enafe ukamabwera mwamphamvu tinkatsinzina, iye ankapita kutsogolo kukakumana nawo. Tinamuika pagolo, miyendo titaikulunga ndi ziguduli.

Ku Balaka tinapita wapansi, abale athu akutiperekeza ndi nyimbo. Anyamata a ku Balaka aja anali ndi nsapato ndi malaya ofanana, ife mapazi okhaokha. Anatigonjetsa zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo chimodzicho ndinagoletsa ine ndi ndodo yansungwi. Koma anthu ankaimba dzina la Yusufu, amene anatchinga mipira yosawerengeka mpaka ziguduli kung'ambika. Masewera atatha, mkulu wa timu ya ku Balaka anabwera kudzamugwira chanza, nkupempha malume kuti tizikumana mwezi uliwonse. Ndinayang'ana malume ndipo ndinaona akupukuta m'maso ndi chipewa. Sindinayambe ndanyadirapo chonchija, ngakhale pamasiku amene tinkapambana.

Malume atakalamba, kalabu ija ndinaiyendetsa ine. Tinadzakhala ndi timu ya atsikana, ndipo ena mwa ana athu anakayambitsa yawo ku Nsanama. Tsopano ndimadziwa kuti osewera aluso savuta kuwasunga, chifukwa amabwera okha. Kalabu imakula ndi mwana uja amene waphonya mpira lero anzake nkumuseka, ngati Loweruka abweranso. Nchifukwa chake zaka zonsezo ndikafika pabwalo ndinkayamba ndafunsa amene sanabwere, ndipo kwawo ndinkapitako ndekha.