Chala cha Mafuta pa Pasipoti ya Mai a Simbi

Msewu wonse unkawatchula kuti Mai a Simbi, chifukwa anakalambira m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya nsapato, akusita zovala za eni ake. Dontho la mafuta pansalu ankadana nalo ngati njoka. Malaya a kolala yakuda ankawanyamula ndi zala ziwiri, mphuno atakwinya.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kudziko loyandikana nalo. Uthenga utafika woti wachira, mwana wamwamuna, mayiwa anasita timalaya ndi matewera mpaka mkono kuwawa, n'kukwera basi. Pasipoti yatsopano, ija amati imawerengedwa ndi makina, anaikulunga m'kampango koyera.

Pawindo lolowera m'dzikolo anapeza bwana akudya nkhuku yokazinga. M'manja osapukuta, anatsegula pasipoti ija n'kuikanikiza pagalasi la makina. Makina analira kamodzi.

"Iii, mayi, ndinu otchuka!" anatero bwanayo, akuchotsa nyama m'mano. "Dziko lina lija munapitako kale latitumizira mbiri yanu. Munakhalitsa, masiku anu atatha. Kuno simulowa."

"Ndinkadwazika bambo a kunyumba, achimwene. Ndikanawasiya afe okha m'chipatala?"

"Makinawa alibe polemba maliro."

"Nanga za kumeneko zafika bwanji kuno?"

"Mayiko amauzana masiku ano. Wotsatira!"

Bambo wina pamzere anati, "Kompyutayi miseche yake kuposa apongozi anga!" Anthu anaseka. Mai a Simbi sanaseke. Zinawanyansa poganiza kuti miyezi ija ankagona pansi pa bedi la wodwala, akuchapa zofunda zonunkha mankhwala, yayenda maulendo kuwatsogolera, n'kudzawerengedwa ndi munthu wa nyama m'kamwa.

Panja basi inali italiza kale injini. Mayiwa anamugwira mkono kondakitala n'kumupatsa chikwama cha khanda.

"Mwanawe, mkamwini wanga akudikira kudepoti, wamtali, wa magalasi. Umupatse. Tizovalati tilibe mlandu, tidutse. Koma usatikhalire, ndasita."

Basi itazimiririka, anakhala pabenchi n'kutsegula pasipoti. Pachithunzi chawo, pa tsaya penipeni, panali chidindo cha chala cha mafuta. Anatulutsa kampango kuti apukute, koma dzanja linaima m'malere. Ntchito inawaphunzitsa kalekale kuti mafuta ukawatikita amangofalikira. Pasipoti ija anainyamula ndi zala ziwiri, n'kupita kukafunsa basi yobwerera.