Simbi ya Miyendo Itatu

Kuno ku Ulongwe, tomada ya pakhoma, mobayamo chingwe cha magetsi, imakhala ndi tizibowo tiwiri tozungulira. Mukangodutsa pa Kalomwe kulowa m'Malawi, mutu wa chingwe, umene ife timati fisha, umakhala wa miyendo itatu yamakona. Ife a m'malire sitivutika nazo. Munthu akagula wailesi ku Dedza, amangodula fisha ya uko n'kumangirira ya kuno. Aulesi amasenda mawaya n'kuwakanikiza m'tomada ndi mitengo ya machesi.

Akazi anga ndi a ku Dedza. Ndinawatenga chitengwa abale awo akung'ung'udza, poti kwawo mwamuna ndiye amakakhala kwa mkazi, koma ine ntchito yanga ya uphunzitsi inali kuno. Katundu wawo sanali wambiri. M'chikwamamo munali simbi yamagetsi imene mayi awo anawapatsa.

Tsiku loyamba kusita, ndinabwera ndi mpeni.

"Mukufuna mutani?" anandifunsa.

"Ndidule fishayi, ndiike ya kuno."

"Ayi, isiyeni. Nanga ndikapita kwathu ndizikasitira chiyani?"

Ananena akupinda malaya anga, osandiyang'ana n'komwe. Ndinaseka, koma mawuwo anandikhala pamtima. Ndinaopa kuti munthuyu sanabwere yense, mwendo wina anausiya kwawo.

Ndinapita kumsika kukagula adaputadoro, kapulasitiki kolumikiza miyendo itatu ija ku tizibowo tathu. Koma simbi si foni, imadya magetsi kwambiri. Pakapita miyezi, kapulasitiki kaja kankatentha, kununkha, n'kusungunuka, ine n'kupita kukagula kena. Mayi wogulitsa anandizolowera mpaka ankandiseka ndisanafike pa benchi lake.

"Apolofesolo, kodi timeneti mumadyera ndiwo?"

Ana atakula, malume awo anawatumizira kamakina ka masewera kolumikiza pa TV, nakonso ka miyendo itatu. Loweruka lililonse kunali mkangano, ana akufuna adaputadoro, mayi awo akufuna kusita zovala za kutchalitchi. Akazi anga anaweruza okha kuti ndidule fisha ya kamakinako. Ndinadula mosangalala, kenaka n'kuyang'ana simbi ija ndi diso lachiyembekezo. Anangoinyamula n'kukaiika pamwamba pa kabati.

Sitinkakangana. Munda wa nyemba tinkalima limodzi, Chipwitikizi anachiphunzira mpaka kumatsutsana ndi ogulitsa mumsika. Komabe nthawi zonse ndikamva fungo la pulasitiki yopserera, ndinkakumbuka mawu aja.

Chaka china, nyengo yozizira, apongozi aakazi anamwalira. Tinapita tonse ku Dedza. Maliro atatha, atsibweni awo a akazi anga anandiitanira pambali n'kundiuza mwaulemu kuti nyumba ndi munda wa malemu zikufuna mwana wamkazi. Mwambo wake ndi womwewo. Ndinabwerera ndi ana, akazi anga anatsala.

Masabata amenewo ndinasita ndekha. Simbi inali itakalamba, chogwirira chake chomangidwa ndi mphira, ndipo ndinkaigwira mosamala ngati dzira. Mpeni unali pafupi, mwini wake kulibe, koma kudula sindinayese. Pa foni sindinkafunsa za kubwera, ndinkangonena za nkhuku ndi chifuwa cha mwana wamng'ono. Ndinawasowa kwambiri, ndipo ndinkadziwa kuti akatumiza uthenga woti simbiyo ipite, nkhani yatha.

Akazi anga anabwera masana ena pa chapa, minibasi ya ku Kalomwe, ataonda, atanyamula thumba la mbatata ya kachewere. Za munda sananene, inenso sindinafunse. M'mawa mwake anatulutsa zovala zonse, akudandaula kuti ndinkatumiza ana kusukulu ngati alibe mayi. Atasita pang'ono, fungo lija linayamba. Adaputadoro inali itachita thovu mbali imodzi.

"Musadandaule," ndinatero ndikuvala nsapato, "ndithamangire kumsika ndikagule ina."

Anazula chingwe, n'kugwira fisha ija m'manja, akuisisita ndi chala. Kenaka analowa kukhitchini n'kubwera ndi mpeni wosendera mbatata.

"Bambo a ana, mukagule fisha ya kuno," anatero akundipatsa mpeniwo. "Iyi dulani, koma musaitaye. Ndi ya amayi."