Juzi ya malemu ili pa salaula ku Jumbe

Mwaswera bwanji nonse.

Tsiku lomwe tinaika akulu anga m'manda ndinanena pamaso panu kuti zovala zawo zisakhudzidwe mpaka banja litakhala pansi n'kuzigawa.

Lero ku Jumbe ndapeza juzi yawo itapachikidwa pa salaula, pomwe amagulitsa zovala zovalidwa kale. Ndi ija anapatsidwa ndi mzungu wa ku Swideni m'ma 1990, akulu angawo ali sikauti woteteza nyama zakutchire ku Nsefu. Sankalola kuti tiziitcha juzi. "Iyi ndi tröja, mphwanga," ankatero akamaivala kukazizira. Chigamba cha pachigongono, chomwe alamu anasoka ndi ulusi wa ukonde, chikadalipo.

Wogulitsayo wakana kutchula amene anaibweretsa. Alamu sakudziwa kanthu, akuganiza kuti ikadali m'sutikesi.

Ndikupempha mwaulemu kuti amene anatsegula sutikesiyo ayankhe pagulu pano, ndisanapite kukaliza mayi wamasiye kachiwiri.